Ndinayeza chitseko chimodzi nkukagula 7, zina ndinagula kawiri

Ndilembe izi ndisanaiwale, mwina wina amene akukonza nyumba apulumuka pomwe ine ndinagwa. Nyumba yathu ndi yakale ndithu, tinaipeza ili ndi zitseko zamkati 7, zipinda zogona zitatu, bafa, toileti, khitchini ndi kachipinda kosungiramo katundu. Zitsekozo zinali zitatheratu, china chinali ndi chibowo pakati kaya anamenyapo ndi chani eni ake akale, china chimachita kufuna phewa kuti chitsekeke, cha kubafa ndiye pansi pake panali patawola moti ukakanda ndi chala pamangoyoyoka. Titayamba kukonza nyumba, kumata pulasitala pomwe panagumuka, kuika matailosi, kupenta, ine mumtima ndimati zitseko ndi nkhani yaing'ono, Loweruka limodzi ndathana nazo. Zinanditengera miyezi inayi.

Zonse zinayamba ndi ulesi basi. Ndinatenga tepi nkuyeza chitseko cha kuchipinda kwathu, ndinapeza 813 mm mulifupi ndi 2032 mm mulitali, ndinalemba mufoni, zinazo ndinangoziyang'ana ndi maso nkuti aaa zonsezi nzofanana, nanga si anamanga ndi munthu mmodzi. Kupita kogulitsa zipangizo zomangira ndinapeza zitseko za fulashi, zosalala bwino, zopepuka zoti umanyamula wekha osatuluka thukuta, saizi yomweyo ndendende, ndinalipira 7 pompo nkubwera nazo kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu wochangamuka.

Mawa lake a kalipentala anabwera, bambo achikulire osalankhulalankhula. Anayang'ana mulu wa zitseko uja, kenako anayamba kuzungulira nyumba ndi tepi yawo, chipinda ndi chipinda, akulemba pa kachidutswa ka katoni. Atamaliza anandifunsa kuti, "Bwana, munayeza zitseko zingati?" Ndinati chimodzi. Anangoti "Ooh" nkundipatsa kakatoni kaja. Zipinda ziwiri ndi khitchini zinalidi 813. Chipinda chachitatu pamwamba chinali 813 koma pansi felemu inalowa mkati ndi 9 mm, zikuoneka kuti omanga aja poiimika sanaike chotchinjiriza pakati ndiye matope ndi njerwa zinaikankha. Bafa inali ya 762, toileti 686, kachipinda ka katundu 610. Mutu unaima.

Apa mpomwe ndinaphunzira kuti palibe saizi imodzi ya chitseko, zimatengera dziko lomwe chinapangidwira komanso nthawi yomwe nyumba inamangidwa. Zambiri zimatsata mainchesi, nchifukwa chake manambala ake amaoneka achilendo: 610 ndi mainchesi 24, 686 ndi 27, 762 ndi 30, 813 ndi 32, 838 ndi 33. Kutalika nako kuli pawiri, pali za 1981 zomwe ndi mainchesi 78 ndipo pali za 2032 zomwe ndi 80. Ndiye palinso zina zosatsata mainchesi nkomwe, zotalika 2040, mulifupi 626, 726, 826 kapena 926. Tangoganizani 813 ndi 826, ndi maso simungasiyanitse olo mutaziimika limodzi patali pang'ono, koma 13 mm imeneyo ndi yokwanira kuti chitseko chikane kulowa. Kunenepa kwake nakonso, pali za 35 mm, 40 mm ndi 44 mm, ndipo felemu imakhala ndi kampata komwe chitseko chimakakhala chikatsekedwa, kampata kameneko kanapangidwira kunenepa kumodzi, mukaika chonenepa chimatulukira kunja, mukaika chopyapyala chimagwedera ndipo loko sakumana bwino ndi bowo lake.

Kuyeza kwenikweni, momwe a kalipentala anandionetsera, sumayeza chitseko chakale ayi chifukwa icho chinadulidwa kale ndi anthu ena, mwinanso molakwika. Umayeza felemu mkati mwake. Mulifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi. Kutalika mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Kenako mopingasa, kuchoka pakona ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, nkusinthanso, manambala awiriwo akasiyana ndiye kuti felemu ndi yopendekeka ndipo chitseko chidzafunika kupalidwa kuti chitsate kupendekekako. Ndiye chitseko chimayenera kuchepa pang'ono kuposa felemu, mpata wa 2 kapena 3 mm m'mbali ndi pamwamba, pansi wokulirapo, ife tinasiya 10 mm. Zonsezi pa felemu iliyonse payokhapayokha, ndipo mulembe dzina la chipinda pambali pa manambala, osati kudalira mutu.

Ine poona kuti zitseko zitatu zakula ndinati palibe vuto, si muli ndi sowo, ingodulani. A kalipentala sanandiyankhe, anangopita panja pomwe tinaunjika zakale zija, nkutenga chachibowo chija nkukanganula chikopa chake ndi chizulo. Abale, mkati mulibe kanthu. Muli katoni yopindidwapindidwa ngati chisa cha njuchi, pamwamba anangomatapo kabodi kopyapyala mwina 3 mm mbali iyi ndi inayo, thabwa lenileni lili m'mphepete mokha mozungulira, ndipo pa zomwe ndinagula ine kathabwako kanali pafupifupi 30 mm basi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndinachiona ndi maso tsiku limenelo. Kuti 813 ifike 762 uyenera kuchotsa 51 mm, kuti ifike 686 uchotse 127 mm, ndiye kuti kathabwa konse ka m'mbali kapita, mahinjesi uwamanga pa katoni? Zitseko za mtundu uwu, zomwe pamapepala amazilemba kuti hollow core, zimalola kupala pang'ono chabe, mamilimita ochepa mbali iliyonse, ndipo opanga ambiri amalemba pa pepala lomata papulasitiki kuti malire ake ndi angati. Ine pepalalo ndinali nditaliona koma sindinaliwerenge.

Ndinabweza zitatu zija. Ziwiri analandira chifukwa zinali zikadali mu pulasitiki ndipo mwamwayi lisiti linali m'thumba la thalauza losachapa. Chachitatu ndinali nditachivula kale pofuna kuonetsa mayi akunyumba kusalala kwake, ndipo potsitsa pagalimoto chinakalika pakona, anachikana, ndipo sindingawanene, nanenso ndikanakhala wogulitsa ndikanakana. Ngati mukugula zambiri nthawi imodzi funsani kaye musanalipire kuti kubweza amalola pa masiku angati, ndipo pulasitiki musavule mpaka mmisiri atayeza ndi kunena kuti ichi chilowa.

Vuto lachiwiri ndinalipanga nditachenjezedwa kale, ndiye limandiwawa kwambiri. A kalipentala anati tidikire matailosi aikidwe kaye. Ine ndinati ayi, sitingagone ndi nsalu pakhomo milungu itatu, ikani ziwiri za zipinda zogona. Anaika, zinakhala bwino, ndinasangalala. Atabwera oika matailosi pansi panakwera ndi 14 mm, tailosi ndi simenti yake yomatira, mpata wathu wa 10 mm uja unatha ndipo zitseko zonse ziwiri zinayenera kumasulidwa nkudulidwanso. Chimodzi chinapirira. Chinacho chinali chitadulidwa kale pansi poyamba paja, ndiye kudula kwachiwiri kunadya kathabwa ka pansi pafupifupi konse mpaka katoni kuonekera. Iwo anachita ukatswiri, anapala kathabwa kena nkukalowetsa mkati ndi guluu nkukapana usiku wonse, chinagwira, koma ntchito ndinalipira kawiri. Zitseko zimabwera pansi patatha, kaya mukuika matailosi, kaya kapeti, kaya matabwa, ndipo pulasitala ndi simenti zikhale zitauma.

Kuumako ndikukunena chifukwa cha ziwiri zotsala zija. Ndinaziimika motsamira khoma m'chipinda chachitatu, momwe anali atangomata pulasitala, mawindo otseka kuopa fumbi, zinakhala momwemo milungu itatu. Tsiku loti tiziike, chimodzi chinali chitapindika ngati uta, ukachiika mufelemu pakati pagunda koma pamwamba pali mpata wolowa chala. Chifukwa chake nchosavuta, mbali yoyang'ana kukhoma lonyowa inamwa chinyezi nkufufuma pomwe inayo inali youma, kuwonjezapo kulemera kwake komwe chifukwa chinaima mopendekeka. Tinachigoneka pansi nkuchitsindira ndi zolemera masiku angapo, chinawongokako pang'ono koma sichinabwerere mwakale. Chitseko chimasungidwa chogona, pamalo osalala ndi ouma, pansi pake mutaika timatabwa titatu tofanana kuti chisagunde simenti, osati padzuwa, osati pafupi ndi khoma latsopano. Ndipo ndi bwino chikhale m'nyumbamo masiku angapo chisanapalidwe kuti chizolowere mpweya wa momwe chizikhala.

Tsopano nkhani ya alamu anga, andikhululukire. Anabwera kudzacheza, ndi munthu wa manja abwino ndithu, amakonza zinthu zambiri kwawo, ndiye ataona chitseko cha kukhitchini chili pansi anati alamu, kulipira munthu pa zimenezi? Tiyeni tiike tokha. Tinaika, chinatsekeka bwinobwino, tinaboola malo a loko, ndinaona kuti drill yangolowa mofewa kwambiri koma sindinalankhule. Patatha sabata chogwirira chinayamba kugwedera, sabata yachiwiri mwana anachikoka chinatsalira m'manja ndi masikuluu ake. A kalipentala atabwera anakwera pampando nkundiitana, "Bwana, tabwerani muone apa." Pamphumi pa chitseko, pamwamba penipeni pomwe palibe amayang'anapo, panali chidindo mbali imodzi chosonyeza kuti loko aikidwe uku. Zitseko zopanda kanthu mkatizi zimakhala ndi chipika cha thabwa chobisika chomwe anachiikira loko, ndipo zambiri chimakhala mbali imodzi yokha. Ife mbali imeneyo tinamangako mahinjesi, loko nkumuika pa katoni. Safunsa anadya phula. Ngati chidindo palibe, gogodani ndi chala motsatira m'mbali cha pakatikati, pomwe pali chipika pamamveka mogontha, pomwe palibe pamalira ngati ng'oma.

Pofika apa ndinakhala pansi nkuyamba kuganiza zomwe ndimayenera kuganiza poyamba, kuti kodi chitseko chilichonse ntchito yake ndi chani. Chifukwa panalinso china, ziwiri za zipinda zogona zija zinali zokongola koma phokoso limangodutsa ngati palibe chitseko. Mwana wathu wamkulu amawerenga usiku, TV ya pabalaza imamveka mawu alionse, ifenso kuchipinda tikamakambirana za ndalama timachita kunong'ona. Phokoso limatchingidwa ndi kulemera, chinthu chopepuka chimangonjenjemera nkulipatsira mbali inayo, ndiye katoni ndi kabodi ka 3 mm zingatchinge chani.

Mitundu yomwe ndinaipeza nditayamba kufunsa bwinobwino ndi iyi. Pali zopanda kanthu mkati zomwe ndanena, zotchipa kuposa zonse, ndipo sindikuzinyoza, pa kachipinda ka katundu kapena pomwe mukungofuna kutchinga maso nzabwino ndithu, mahinjesi awiri akwana. Pali za solid core, kunja zimaoneka chimodzimodzi ndi za fulashi zija koma mkati modzaza ndi chipibodi, utuchi ndi tizibenthu ta matabwa zopanikizidwa ndi guluu, kulemera kwake kumaposa kawiri, ukachitseka chimamveka kuti ndii osati phaa. Pali za MDF, bodi la ufa wa matabwa wopanikizidwa ndi guluu, kapena za chikopa choumbidwa kuti chizioneka ngati cha mapanelo, penti amagwira bwino kwambiri chifukwa palibe mizere ya thabwa, koma samalani, zambiri mwa zoumbidwazi mkati ndi katoni yomwe ija, mapanelo ndi maonekedwe chabe, ndiye chinyamuleni mumve kulemera musanakhulupirire maso. Ndiponso MDF ndi madzi ndi adani, ikamwa imafufuma ndipo sibwereranso olo iume. Kenako pali za thabwa lenileni.

Za thabwa ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri timaganiza kuti bola ndi thabwa ndiye kuti zatheka. Thabwa limapuma, nthawi ya chinyezi limafufuma, kukauma limanyala, ndipo limatero kwambiri mulifupi osati mulitali. Chitseko cha thabwa chopangidwa bwino chimakhala ndi mizati iwiri m'mbali ndi mipingasa yolumikizidwa polowetsa lilime la thabwa lina mu bowo la linzake, ndipo mapanelo apakati samatidwa ndi guluu kapena kukhomedwa misomali, amangokhala m'kangalande kuti azitha kusuntha. Mmisiri akawamata kapena kuwakhomera, nyengo ikasintha panelo imang'ambika pakati. Ndipo vuto lalikulu ndi thabwa losauma. Thabwa la ntchito zamkati limayenera kuuma mpaka chinyezi chake chitsike kufika cha m'ma 8 mpaka 12 peresenti, pali kachipangizo kokhala ndi timisomali tiwiri komwe amayezera, koma amisiri ambiri alibe. Munthu akakupangirani ndi thabwa lochekedwa mwezi watha, tsiku loika chimaoneka bwino, pakatha miyezi itatu molumikiza muja mwatseguka ndipo chapotoka. Ndiye ngati mukupangitsa, funsani kuti matabwa anauma bwanji komanso nthawi yaitali bwanji, ndipo pitani mukaone chitseko chomwe munthuyo anapanga chaka chatha osati chomwe chili pa benchi lero. Palinso zina zomwe kunja kwake ndi thabwa lokongola koma ndi kachikopa chabe, veneer, kosakwana 1 mm, zimenezo sandipepa ukangolimbikira pang'ono waboola ndipo sizikonzeka.

Ine ndinasankha chonchi, ndipo mpaka pano sindinong'oneza bondo: zipinda zogona zitatu solid core, khitchini cha thabwa chokhala ndi galasi kumtunda kuti kuwala kuzifika mukolido, bafa solid core koma yotetezedwa bwino, kachipinda ka katundu chopanda kanthu mkati cha 610. Kunja zonse tinapenta mtundu umodzi ndi zogwirira zofanana, ndiye mlendo sadziwa kuti mkati nzosiyana. Ziwiri zopepuka zomwe zinali zitaikidwa kale zija ndinazimasula nkupatsa alamu aja, anasangalala nazo.

Kulemera kunabweretsa nkhani yake. Chitseko cholemera chimafuna mahinjesi atatu, ndipo akulu, a 100 mm osati a 75 mm, apo ayi pakapita nthawi chimagwa mphuno nkuyamba kukwekwesa pansi kumbali ya loko. Mafelemu athu ndi achitsulo ndipo mahinjesi ake anawotchereratu kufakitale, awiri okha pa felemu, ndiye tinachita kuitana wowotcherera kudzawonjezera lachitatu pa zitseko zinayi, titaphimba matailosi ndi makatoni onyowetsa kuopa moto wothetheka. Mafelemu achitsulo ali ndi chinanso, bowo lolowa lilime la loko analiboola kale, ndiye loko amatsata bowolo, simungasankhe kuti chogwirira chikhale pomwe mukufuna. Kawirikawiri chimakhala pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi. Komanso mbali yotsegukira inakhazikika kale, ya kumanja ndi ya kumanja basi pokhapokha mugumule khoma. Amene muli ndi mafelemu a thabwa muli ndi ufulu wambiri, koma yang'anani kaye ngati sanawole pansi kapena kudyedwa ndi chiswe, bayani ndi sikuludiraiva, ikalowa mofewa ndiye kuti felemu nayo ipite. Zikatero ganizirani zogula chitseko chobwera chomangidwa kale mu felemu yake, mahinjesi ali pompo, chimadula koma chimachotsa ntchito yambiri yopala, kungoti apo muyezenso kunenepa kwa khoma ndipo munene bwino mbali yotsegukira. Pa mbali yotsegukirayi musadalire mawu oti lamanja kapena lamanzere chifukwa ogulitsa amawerenga mosiyana, wina amaimira kunja wina mkati, jambulani kachithunzi papepala kosonyeza khoma, mahinjesi ndi komwe chikupita. Ndipo onani pomwe pali swichi ya magetsi, chitseko chisamatseguke nkuiphimba, mudzatopa ndi kupapasa kuseri mumdima.

Maloko gulani chitseko chisanaikidwe, mmisiri awaone. Loko wolowa mkati mwa chitseko uja amafuna bowo lalikulu ndithu, pa chitseko cha 35 mm makoma otsala m'mbali amakhala opyapyala moti chizulo chikangophonya chatulukira kunja. Ndipo sikuti chitseko chilichonse chimafuna kiyi, pa khitchini ndi kachipinda ka katundu tinangoika ka latch kongogwira basi. Ku bafa ndi kutoileti ndikupemphani, musaike loko wa kiyi kapena chitsulo chokoka chamkati chokha, pali maloko opotokola ndi chala mkati omwe kunja ali ndi kamzere koti utha kutsegula ndi kobiri kapena supuni. Wathu wamng'ono wa zaka zinayi anadzitsekerapo m'bafa ndi loko wakale uja, kiyi anakanika kumutembenuza, analira mpaka mawu kutha ife tikumasula chogwirira kunja, sindifunanso zimenezo.

Cha kubafa ndinatsala pang'ono kuchiononganso. Wopenta anapenta kumaso ndi kumbuyo ndi m'mbali, chinawala, koma a kalipentala anatenga kagalasi kodziyang'anira nkukaika pansi pa chitseko, kuona m'munsi muli mbee osapentedwa. Anati chimasulidwe. Chitseko chili ndi mbali 6 osati ziwiri, ndipo pansi ndi pamwamba ndi pomwe chinyezi chimalowera kwambiri, makamaka pomwe padulidwa kumene. Madzi okolopa okha tsiku ndi tsiku ndi omwe anawoletsa chakale chija. Ndiye tinapaka pulaima ndi penti kawiri pansi ndi pamwamba, ngakhale m'mabowo a loko ndi a mahinjesi. Opanga ambiri amalembanso kuti ngati simunapake mbali zonse ndiye chikapindika musabwere kudzadandaula. Nthawi yabwino yochita zimenezi ndi pomwe mmisiri wamaliza kupala ndi kuyesa, chisanamangidwe komaliza. Mpata wa pansi ku bafa tinausiya wokulirapo dala kuti mpweya uzilowa nthunzi izituluka, pomwe ku zipinda zogona tinauchepetsa momwe tingathere chifukwa phokoso limadutsanso pampata, chitseko cholemera chokhala ndi mpata wolowa dzanja pansi ndi kutaya ndalama.

Galasi la chitseko cha kukhitchini ndinaumirira kuti likhale lotetezeka, osati la pawindo wamba lomwe likasweka limasanduka mipeni. Pali lolimbitsidwa ndi moto lomwe likasweka limangoyoyoka timibulu ting'onoting'ono, ndipo pali la magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati lomwe limang'aluka koma osagwa. Kawirikawiri limakhala ndi kachidindo pakona. Lolimbitsidwalo silidulidwa likapangidwa, ndiye muyeso wake uyenera kukhala wolondola poyitanitsa.

Mayi akunyumba ankafuna chitseko chotsetsereka pa njanji, zija zimayenda pamwamba pa khoma, anaziona pa zithunzi pa intaneti ndipo nzokongoladi. Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti ayi, chifukwa sichigunda felemu, chimasiya mpata pakati pa icho ndi khoma ndiye phokoso, fungo ndi kuwala zimadutsa, kuchikiya nkovuta, ndiponso chimafuna khoma lopanda kanthu pambali lofanana ndi mulifupi mwake. Pa bafa kapena chipinda chogona ine sindingaike. Pa kachipinda ka katundu mwina.

Ziwiri zoti ndingotchula mwachangu. Ngati galaja yanu ndi yolumikizana ndi nyumba, chitseko cha pamenepo si chamkati wamba, malamulo omangira m'maiko ambiri amafuna chopirira moto, zofala ndi za mphindi 30 ndipo zimakhala za 44 mm, zimayendera limodzi ndi felemu ndi mahinjesi ake ndipo sizidulidwa mwachisawawa. China, ngati pakhomo pali wokalamba kapena woyenda pa wilutcheya, dziwani kuti mpata wodutsa umachepa kuposa chitseko chifukwa chikatseguka kunenepa kwake kumadya malo, cha 813 sichikupatsani 813 yodutsa. Ngati mukugumula kale makoma, kulitsani khomo la bafa nthawi yomweyo. Ndipo m'toileti yaing'ono ndi bwino chizitsegukira kunja, munthu akagwa mkati thupi lake limatsekereza chitseko chotsegukira mkati.

Ulendo wachiwiri wokagula ndinapita ndi a kalipentala ndi kakatoni kawo kaja. Ndinaona momwe amasankhira, ndipo ogulitsa sanasangalale kwenikweni chifukwa tinatulutsa pafupifupi mulu wonse. Chilichonse amachiimika nkutsinzina diso limodzi kuyang'ana motsatira m'mphepete ngati akuyang'ana mfuti, kuona ngati chawongoka. Amagunditsa ziwiri kumaso ndi kumaso, zikasiya mpata pakati kapena pakona ndiye kuti chimodzi nchopotoka. Amayang'ana makona onse anayi, amayendetsa chikhatho pamwamba kumva ngati chikopa chatukuka penapake, amayeza ndi tepi yawo osakhulupirira zolembedwa, ndipo cha pamwamba ndi cha pansi penipeni pa mulu amazisiya, akuti chapamwamba chawombedwa mphepo mbali imodzi, chapansi chamwa chinyezi cha simenti. Pa zitseko 11 zomwe tinatulutsa anasankha zinayi. Ponyamula anakana kuti tizimange choimika, tinazigoneka ndi makatoni pakati, zingwe osakoka kwambiri kuopa kudinda m'mphepete.

Poika ndinakhala pambali kuonerera, ndipo ndinaona kanthu kena komwe ine ndi alamu sitinkadziwa, mbali ya loko amaipala mopendekeka pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, kuti potseka kona isagunde felemu koma chikatsekeka mpata uzioneka wochepa. Masikuluu onse amayamba aboolera kaye kabowo kakang'ono, makamaka pa chipibodi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe anaikhoma ndi hamala. Chitseko choikidwa bwino ukachisiya pakati chimaima pomwepo, chikamadzitsegukira kapena kudzitsekera chokha ndiye kuti mahinjesi sali mzere umodzi woongoka. Cha chipinda chachitatu, cha felemu yolowa mkati ija, anachipala kutsata felemuyo ndipo palibe angadziwe kuti pansi nchochepa ndi 9 mm. Kumbuyo kwa chilichonse tinaika kamphira pansi kuti chogwirira chisamamenye khoma lopentedwa kumene.

Cha kutoileti cha 686 sitinachipeze cha solid core pa saizi imeneyo, anati tidikire katundu wina, mpaka lero tikugwiritsabe ntchito chakale chija chofuna phewa, a kalipentala anangochipalako pang'ono nkusintha loko. Chokalika pakona chomwe anachikana chija ndinachigoneka pa timiyendo tiwiri m'chipinda cha ana, ndi tebulo lowerengera tsopano, la 813 ndi 2032, onse atatu amakwanapo. Chopindika chija chikadali kuseri, sindinaganize chochita nacho.